Mwana Amene Sawerenga Lachitatu

Madamu a kagulu ankabwera pasukulupo m'mawa wokha, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kudzathandiza ana asanu ndi mmodzi a kalasi yachitatu amene kuwerenga kunkawavuta, m'kachipinda komwe kale ankasungiramo matsache. Lachitatu lina, tsiku lomaliza lobweza makalata a chilolezo cha makolo choti ana apitirize m'kagulumo, makalata asanu anali atabwera osainidwa bwinobwino, koma yotsalayo inabwera ndi mwini wake, bambo wa mtsikana wina wa m'kagulumo, kalipentala wamtali wokhala ndi pensulo kukhutu.

"Odi muno."

"Lowani bambo. Khalani pampandopo."

Akalipentala anayang'ana timipando ta ana, nagwedeza kamodzi ndi dzanja.

"Aka mwendo wina ndi waufupi."

"Khalani pa kenako."

"Nakonso matenda ake ndi omwewo." Anakhalabe, mawondo n'kufika pafupi ndi chibwano. "Ndabwera ndi kalata yanu."

"Mwachita bwino. Mwasaina?"

"Ayi."

"Cholembera nachi."

"Zolembera ndili nazo ziwiri kunyumba, aphunzitsi. Koma ine sindisaina bodza."

Madamu anayika dasitala pansi. Ahedi anali atanena kuti mwana amene kalata yake sifika pofika belu la masana, malo ake apatsidwa kwa wina, poti ofuna kagulu anali ambiri. Ndipo mwa ana onse asanu ndi mmodzi, amene Madamu sakanalola kumutaya anali ameneyu.

"Bodzalo lili pati, bambo?"

"Apa." Chala chokhala ndi chikhadabo chosweka chinatera pakati pa pepala. "Mwalemba kuti mwana wanga ali ndi vuto la kuwerenga."

"Ndi zoona."

"Dzulo lomweli mwana ameneyu wandiwerengera misomali. Iye anapeza zana limodzi ndi inayi. Ine nditabwereza ndinapeza zana limodzi ndi itatu. Wolakwa ndinali ine. Umodzi unali utagwera mu utuchi."

"Aa, sindikunena kuwerenga kumeneko."

"Kulipo kungati?"

"Kuwiri. Kuli kuwerenga misomali, kuli kuwerenga mawu."

"Mawunso amawerenga. Kalata yanuyi ndinamupatsa. Anati muli mawu makumi anayi ndi awiri, kupatula saini ya ahedi, poti sinaoneke ngati mawu."

"Anakuuzani zimene mawuwo akunena?"

"Zimenezo sindinamufunse. Inu mwalemba kuwerenga."

Madamu anapuma mpweya wautali, uja ankapuma mwana akadya choko.

"Chabwino, tinene mwa mtundu wina. Mwana wanu watsalira m'mbuyo."

"Liti?"

"Chaka chonse chino."

"Iai, ameneyo ayi. Pamsewu ndi amene amatsogola. Ine ndimachita kumukuwira kuti adikire."

"M'kalasi, bambo."

"M'kalasi amakhala desiki yachiwiri kuchokera kutsogolo. Ndinaikhoma ndine desiki imeneyo, thabwa litaguluka."

"Ndikutanthauza kuti sagwira msanga."

"Sagwira chiyani? Mupatseni hamala muone."

"Ndiponso akawerenga samva."

"Hii, samva? Mutsegule pepala la switi muli kuseri kwa nyumba, iye ali kwa aneba. Musanafikitse kukamwa wafika."

Madamu anakoka mpando wawo, wokhawo waukulu m'chipindamo, nakhala moyang'anizana ndi bamboyo. Kwawo ankadziwika kuti akagwira chinthu sataya. Mayi awo ankati mwana uyu anabadwa atafumbata zala ndipo mpaka lero sanafumbatule.

"Bambo, simutuluka muno kalatayi yosasaina."

"Chitsekotu n'chotsegula."

"Ndikutanthauza kuti sindilola."

"Oo. Ndiye ndifunse nanenso. M'kalasi mwake muli ana angati?"

"Oposa makumi asanu ndi awiri."

"Muno?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Ndiye mwamuchotsa pa anthu ambiri n'kumubweretsa m'chipinda cha matsache. Walakwanji?"

"Si chilango. Pa ana ochuluka mphunzitsi amangoona mitu. Muno ndimaona mwana. Aliyense ndimamudziwa, kakhalidwe kake, kagwiridwe ka pensulo, ngakhale katsokomoledwe kake."

"Inu mumabwera masiku angati?"

"Atatu pa sabata."

"Ndiye vuto la mwana wanga limabwera masiku atatu."

"Vuto limakhalapo masiku onse. Obwera masiku atatu ndine."

"Nanga Lachiwiri ndi Lachinayi vutolo limakhala ndi ndani?"

"Limandidikira."

Akalipentala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndi vuto laulemu."

Madamu anawayang'anitsitsa kuti aone ngati akuwaseka. Nkhope ya bamboyo inali yosalala ngati thabwa lopala kale, yopanda ndi kamsekerero komwe. Panja mphunzitsi wina ankaimbitsa ana masiku a pa sabata, ndipo wotchi ya pakhoma inkayandikira belu.

"Tabwerani pabolodi pano, muone ndi maso anu."

Anatenga choko nalemba zilembo ziwiri zazikulu, b ndi d.

"Mukuona chiyani?"

"Ndodo ziwiri, iliyonse ili ndi mimba."

"Bwino kwambiri. Ichi ndi b, mimba yake ili kumanja. Ichi ndi d, mimba yake ili kumanzere."

"Kumanja kwa ndani? Kwanga kapena kwa b?"

"Kwanu."

"Ndikaima kuseri kwa bolodi?"

"Palibe amene amawerenga ali kuseri kwa bolodi."

"Chabwino, pitirizani."

"Mwana wanu zilembo ziwirizi amazisokoneza. Akaona b amati d, akaona d amati b."

Akalipentala anachotsa pensulo kukhutu, nayeza nayo kutalika kwa ndodo ya b, kenako ya d. Anayezanso mimba zonse ziwiri. Atatero ananyamula kampando kamene anakhalira, nakayimika patsogolo pa Madamu.

"Ichi n'chiyani, aphunzitsi?"

"Mpando."

Anakatembenuza kuti kayang'ane kukhoma.

"Nanga ichi?"

"Mpando womwewo."

"Sunasanduke tebulo?"

"Ayi."

"Ndiye mwanayo akulondola. Chinthu mukachitembenuza chimakhala chomwecho."

"Zilembo si mipando, bambo."

"Anazipanga ndani kuti zizisintha dzina zikatembenuka?"

"Sindikudziwa. Ndinazipeza zili choncho."

"Ameneyo sanali mmisiri. Zinthu ziwiri zosiyana ntchito sazipanga zofanana. Ine kiyi wa ku shedi ndinamumanga kansalu kofiira kuti asafanane ndi wa kunyumba."

Chinawapweteka Madamu n'chakuti bamboyo sankanama. Iwo omwe, ali mwana, anamenyedwapo ndi rula m'zala chifukwa cha zilembo ziwiri zomwezi. Koma imeneyo sinali nkhani youza munthu amene akukana kusaina.

"Mmisiri kapena ayi, mayeso a kumapeto kwa chaka sadzafunsa zimenezo. Mwana akalephera kuwerenga adzabwereza kalasi. Anzake adzapita, iye n'kutsala."

"Kutsala kwenikweni?"

"Kwenikweni. Pa desiki yomweyo munaikhomayo."

Apa akalipentala anabwezera pensulo kukhutu. Madamu anaona kuti msomali wayamba kulowa, ndipo anatsegula kope lawo lolembamo za mwana aliyense kuti akhomerere.

"Ndipo musaganize kuti tikungotaya nthawi muno. Mwana wanuyu ndi amene wasintha kuposa onse. Lachisanu lapitali ndinaitana ahedi. Mwanayu anawerenga tsamba lathunthu pamaso pawo, osapunthwa ngakhale pamodzi. Ahedi anandigwira chanza. Anati kagulu aka ankafuna kukatseka, koma chifukwa cha zimene aonazo kapitirira teremu yamawa."

"Ndiye amawerenga."

"Amawerenga."

"Ndiye kalatayi ndi yabodza."

"Ayi, tamverani. Sanakhazikike. Lolemba amawerenga ngati madzi otsika phiri. Lachisanu chimodzimodzi. Koma likafika Lachitatu zonse zimauluka. Lero lomwe watha mphindi khumi pa mawu amodzi okha, bedi. Wayamba ndi debi, kenako dedi, kenako anati maso akumuwawa."

"Lero ndi Lachitatu."

"N'zimene ndikunena. Ndafufuza m'mabuku anga onse a ku koleji, ndafunsa anzanga, palibe amene anaonapo mwana wodwala Lachitatu lokha. Kodi tsiku limeneli amachoka kunyumba osadya?"

"Amadya. Mwina kuposa masiku ena."

"Mumamugwiritsa ntchito ku shedi asanabwere?"

"Ayi."

"Kunyumba kumakhala mkangano?"

"Mkangano wathu ulibe tsiku."

"Nanga chimasintha n'chiyani Lachitatu?"

"Mwana."

"Eya, mwanayo amasintha. Ine ndikufunsa chifukwa chake."

"Sasintha, aphunzitsi. Amasinthana."

Madamu anatseka kope.

"Amasinthana ndi ndani?"

"Ndi mkulu wake."

"Mkulu wake uti?"

"Amene anabadwa naye tsiku limodzi. Ndi mapasa. Wamkulu anatsogola ndi mphindi khumi ndi zisanu. Iye ali kalasi yachitatu ya kumapeto kwa khonde uko, wamng'ono ali yapafupiyi."

"Mukundiuza kuti Lolemba ndi Lachisanu…"

"Amabwera wamkulu."

"Ndipo Lachitatu…"

"Wamng'ono. Mwini dzina."

Madamu anafuna kukhala pansi, koma m'malo mwa mpando wawo anapezeka atakhalira kampando ka mwendo waufupi. Kanapendekera kumanzere, iwo n'kupendekera nako.

"Ndinanena kuti kameneko n'kodwala," anatero akalipentala.

"Inu mumadziwa zimenezi?"

"Kuyambira sabata yoyamba. Amakambirana pakhomo povala nsapato."

"Bwanji simunanene?"

"Simunafunse."

"Ndikanafunsa bwanji chinthu chimene sindikuchidziwa?"

"Nanenso sindinadziwe kuti simukudziwa. Inu mwanena nokha kuti mwana aliyense mumamudziwa ndi katsokomoledwe komwe."

"Amatsokomola mofanana."

"Iai. Wamkulu amatseka pakamwa."

Madamu anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Bambo, kalata yoyamba ija, imene tinakutumizirani poyambitsa kaguluka, inanena momveka bwino kuti mwana wanu azibwera ku kagulu katatu pa sabata."

"Ndipo mwana wanga amabwera katatu pa sabata. Onse ndi anga."

"Pamwamba pake panali dzina."

"La wamng'ono, inde. Koma ine ana anga ndinawaphunzitsa kuti chabwino chikagwera mmodzi azigawana. Kukabwera lalanje amagawana. Kukabwera kagulu agawane."

"Nanga bwanji wamkulu anatenga masiku awiri?"

"Lolemba ndi Lachisanu nthawi imeneyi kalasi ya wamkulu imapita kubwalo kukathamanga. Wamkulu kuthamanga amadana nako, akuti kumamutulutsa thukuta. Wamng'ono ndiye mphepo. Ndiye wina amabwera ku mabuku, wina amapita kubwalo, aliyense kumene mtima wake uli. Aphunzitsi a masewera anandiimitsa pamsewu mwezi watha, akuti mwana wanga wamkulu wasintha kwambiri, akuti njira yawo yophunzitsira ikugwira ntchito."

"Nawonso."

"Nawonso anali okondwa ngati inu."

Madamu anayang'ana kope lawo. Munali masamba asanu ndi atatu a mwana mmodzi, olembedwa ndi dzanja losamala, mizere yofiira pansi pa mawu akuti wapita patsogolo modabwitsa. Anakumbukira nyenyezi zamapepala zimene ankamata pa diresi la mwana Lolemba lililonse, ndi nkhope yawo yokwinya ya Lachitatu, pomufunsa mwana kuti dzana unkatha, lero chavuta n'chiyani. Mwanayo ankangoyang'ana pansi, osaulula mkulu wake.

"Ndiye amene anawerenga pamaso pa ahedi…"

"Linali Lachisanu."

"Ameneyo sanayambe wavutikapo ndi kuwerenga?"

"Wamkulu? Ameneyo amawerenga ndi mapepala okulungira misomali omwe."

"Ndiyenera kukawauza ahedi."

"Akatseka kagulu?"

"Mwina. Koma ndikawauza lero lomwe. Ndipo ndikawauzanso kuti mwana amene ndinapatsidwa ndakhala ndikumuona kamodzi kokha pa sabata, ndiye sangandiuze kuti kagulu kalephera kasanayesedwe. Akakana ndikhala pakhomo la ofesi yawo mpaka avomere."

"Pali benchi pamenepo. Ndi lolimba, ndinapanga ndine."

"Zikomo."

Akalipentala anatenga kalata ija, naitambasula pabondo, naiyang'ana ngati akuyang'ana thabwa lopindika.

"Tsopano ndimve bwino, aphunzitsi. Kunyumba wamkulu akatenga buku amatiuza nkhani imene ili m'menemo. Wamng'ono akatenga buku lomwelo amatiuza kuti muli zithunzi zingati. Ndi zimenezi mukunena?"

"Ndi zimene ndakhala ndikunena chilowereni inu muno."

"Simunanene choncho. Munati watsalira, sagwira, samva."

"Chabwino. Sindinanene choncho."

"Mukanatero poyamba bwenzi titamaliza kale. Zimenezo ndi zoona." Anakanda chibwano. "Buku lake la kusukulu ndimalipeza pansi pa matabwa ku shedi. Ndimabwezera m'chikwama, mawa ndimalipezanso pansi pa matabwa. Ine ndimati mwina akufuna liwongoke."

"Amalibisa, bambo."

"Ndazindikira tsopano." Anasalaza kalatayo pabondo. "Mayi ake akamuuza kuti awerenge, mkulu wake amayankha msanga iye asanatsegule pakamwa. Ife timati ndi chikondi."

"Ndi chikondi ndithu. Koma mayeso sadzalemberana."

"Angathe. Ndani angadziwe?"

"Bambo."

"Ndangonena kuti angathe. Sindinati achite." Anatambasula dzanja. "Bweretsani cholembera chija."

Anasaina pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo, kenako anauzira pa saini ngati akuchotsa utuchi. Belu la masana linalira cholembera chisanabwerere pa tebulo.

"Kuyambira Lachisanu azibwera wamng'ono masiku onse atatu," anatero. "Wamkulu akathamange, thukuta silipha munthu."

"Alira onse awiri."

"Agawana."

Madamu analandira kalata ija naiyika pamwamba pa zinzake zisanu. Mtima unali utatsika pang'ono, koma chinthu chimodzi chinkawakandabe.

"Nanga ine ndidzadziwa bwanji kuti amene walowa muno ndi wamng'ono?"

"N'zosavuta. Onse ali ndi kadontho kakuda patsaya. Wamkulu kali kumanja, wamng'ono kali kumanzere."

"Wamkulu kumanzere…"

"Kumanja."

"Wamkulu kumanja, wamng'ono kumanzere." Madamu anagwira tsaya lawo limodzi, kenako linalo. "Kumanzere kwa ndani? Kwanga kapena kwake?"

"Kwake."

"Ndiye akandiyang'ana kadontho kadzakhala kumanja kwanga."

"Wamng'ono, inde."

"Nanga akakhala pambali panga, tonse tikuyang'ana buku?"

"Kadzabwerera kumanzere."

"Ndiye pamenepo ndi wamkulu."

"Ayi, aphunzitsi. Ndi wamng'ono yemweyo. Wangotembenuka."

Madamu anachotsa dzanja patsaya. Akalipentala anaimirira, nawongola mawondo amene anali atauma, nayang'ana mphunzitsiyo ndi chisoni chenicheni cha kholo.

"Musadandaule, aphunzitsi, si kuti mutu wanu sugwira. Zinthu zofanana zimavuta. Lachisanu ndibwera nawo onse awiri, tidzayamba pang'onopang'ono, kagulu kakang'ono." Anachotsa pensulo kukhutu, nayang'ana uku ndi uku kufuna pepala. "Koma ndiyambe ndakulemberani kalata, makolo anu akasaine."